Otunga mikanda a pa Muloza

Ndakulonjerani nonse amene mwatsegula wailesi nthawi ino, kaya mwangoweruka kumene kothyola tiyi, kaya muli pa kabaza mukudikira wokwera pachipata cha Muloza, kayanso muli tsidya linalo ku Milange, pakuti mphepo yonyamula mawu athuwa siifunsidwa chiphaso pamalire.

Lero tikambe za tinthu timene abambo ambiri amati si nkhani: ndolo, mikanda, zibangili, mphete, timalamba ta pamphumi. Mukayenda mumsika wa Limbuli, kapena m'mbali mwa msewu wa M2 chakumene ukukathera kumalire, mupeza katunduyu ali mitundu iwiri. Wina ndi uja wobwera m'timapepala ta pulasitiki, wonyezimira kwambiri, wopikulidwa ku Limbe koma kwawo kwenikweni kuli ku China. Ameneyu ndi wosasowa, ndipo mtengo wake suopsa. Wina ndi wopangidwa pamanja. Uyu sachuluka. Mumupeza pakansalu koyala pansi, kapena atapachikidwa pakathabwa kokhomedwa timisomali, mwiniwake ali pambali, mutu uli pansi, ulusi uli kukamwa. Pakathabwapo pali ndolo zokutidwa ndi chitenje, mkanda wa m'khosi wokhala ndi ndalama yakale pakati, chibangili cha nyanga ya ng'ombe, lamba wosokereredwa mabatani a jekete la pakaunjika.

Katundu wachiwiriyu amanyozedwa uku ndi uku. Akuluakulu ena amati ndi zotola kudzala, makolo athu sankavala zitsekerero za mabotolo. Achinyamata ena otchena amati ndi za kumudzi, ungachite nazo manyazi ku Blantyre. Ine ndikuti onsewa aphonya, ndipo ophonya kwambiri ndi akuluakuluwo, chifukwa akuiwala kumene mkanda wa anganga awo unachokera.

Mkanda wagalasi, uja timautcha wamakolo, sunapangidwepo m'ng'anjo ya m'mudzi uliwonse kuno. Makolo athu ankayenga chitsulo, ankaumba mbiya, ankapota thonje n'kuomba nsalu, koma mkanda wagalasi ankachita kugula. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la mafumu a Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pansi n'kupeza mikanda yagalasi yambirimbiri, pamodzi ndi zinthu zamkuwa, mapale a mbale za ku China, ndi zotsalira za minyanga ya njovu imene amisiri ankasema pomwepo. Yambiri mwa mikandayo inaoloka nyanja yamchere kuchokera chaku India. Ndiye kuti zaka mazana angapo mzungu asanamange nyumba ku Blantyre, mayi wachimaravi ankavala kale katundu wakunja m'khosi mwake, ndipo palibe amene ankamunena kuti wataya chikhalidwe.

Ife a kuno kumapazi a phiri la Mulanje nkhaniyi ikutikhudza pafupi, pakuti njira ya katunduyo inkadutsa pakhomo pathu. Amalonda ochokera kumtunda ankazungulira phirili, ena kulambalala chakumpoto pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, ena chakummwera kuno, onse kulunjika kudoko la Quelimane. Pobwerera ankasenza nsalu, mfuti, onga, waya wamkuwa ndi mikanda. Popita nanga ankasenza chiyani? Minyanga ya njovu. Ndipo osenza minyangawo, ambiri mwa iwo, nawonso anali katundu. Tisabisane, abale: m'zaka za m'ma 1800 mkanda wina unkasinthanitsidwa ndi munthu. Mpake boma la atsamunda la Harry Johnston linamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson mu 1893, kuti litseke njira zimenezi ndi kugonjetsa mafumu onga Matipwiri amene ankazilamulira. David Livingstone analembapo za mphande, chija chozungulira choyera chosemedwa kuchigoba cha nkhono ya kunyanja yamchere, kuti kumtunda kwa Zambezi ziwiri zinkagula kapolo ndipo zisanu zinkagula mnyanga. Ndiye tikamayamikira mikanda yakale, tiziyamikira maso ali otsegula.

Pofika nthawi imeneyo mikanda yambiri inkachokera ku Ulaya, ku Venice m'dziko la Italy ndi ku Bohemia, kumene lero ndi Czech Republic. Apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa. Azungu oyenda maulendo aja anadandaula m'mabuku awo kuti mkanda wolandiridwa dera lino, dera linalo anthu ankaukana ngakhale kuuyang'ana. Munthu ankatha kusenzetsa anthu ake matumba a mikanda yoyera mtunda wautali, n'kukapeza kuti amayi a kumeneko akufuna yofiira, ndipo ufa sagulitsa ndi china. Mafakitale a ku Ulaya ankachita kufunsa amalonda kuti chaka chino amayi a kumtunda akonda mtundu uti. Wopanga anali kutali, inde, koma wolamula kuti chokongola n'chiti anali mayi wa m'mudzi.

Mkanda ukafika m'manja mwake, ntchito yathu inkayambira pamenepo. Amene munakhalako pafupi ndi anganga akutunga mukudziwa zimene ndikunena. Amakhala pamphasa miyendo atatambasula, nsalu atayala pamiyendopo kuti kamkanda kakapulumuka kasagwere mumchenga, pakuti kakagweramo ndiye kapita. Mikanda ili m'kambale, mitundu yosakanikirana. Ulusi wake kale unali wa thonje kapena wa khonje, wopota pantchafu. Singano siilowa pabowo la mkanda waung'ono, choncho nsonga ya ulusi amainyowetsa ndi malovu, n'kuipotokola pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala mpaka isongoke. Akatero amatola ndi nsongayo, kamodzikamodzi: itatu yofiira, umodzi woyera, itatu yofiira, iwiri yakuda. Chodabwitsa n'chakuti pakamwa sipaleka kucheza. Akukamba za maliro a kwa Njema, akudzudzula mdzukulu amene wasiya mbuzi zilowe m'dimba, koma chiwerengero sichisokonekera. Akatunga kotalika ngati chala amamanga kamfundo, kuti tsiku limene ulusi udzaduke mkanda usadzamwazike wonse. Ena amaluka mizere ingapo pamodzi, kutuluka kalamba kotambalala kokhala ndi timizere tokhotakhota, popanda chojambula chilichonse choonera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amayi amenewa anadekha.

Luso limeneli ndiye chuma chathu pankhaniyi: kusankha, kuwerenga, kumanga mfundo, ndi kudziwa kuti mkanda uti ngwa ndani, ngwa pati. Khanda likatuluka m'chikuta ankalimanga kachingwe ka timikanda m'chiuno, ndipo mayi ankaonera pomwepo ngati mwana akunenepa kapena akuwonda, sikelo ya kuchipatala isanabwere. Namwali ankalandira yake kwa anankungwi, pamodzi ndi malangizo ake. Mayi wapabanja anali ndi ya m'chiuno, yosaonetsa pagulu, ndipo akuluakulu mukudziwa kuti wofiira, woyera ndi wakuda uliwonse uli ndi uthenga wake m'nyumba. Sindimasulira pano, ana ali pafupi ndi wailesi. Ndingoti achinyamata amene mukugulitsa mikanda ya m'chiuno pa WhatsApp, muyambe mwafunsa musanasakanize mitundu, mungatumize uthenga umene kasitomala wanu sanafune kutumiza.

Sindikunena kuti zonse zakale zibwerere. Anthu a m'gulu la Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza amayi achimang'anja ataboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo pelele, kanthu kozungulira ka nsungwi, ka chitsulo kapena ka mnyanga, kamene kankatukula mlomo kutsogolo. Panthawiyo kunali kukongola. Lero palibe mtsikana wa ku Muloza amene angalole, ndipo sindimuuza kuti alole. Nsambo, waya wamkuwa uja ankakulunga m'miyendo ndi m'mikono, unali wolemera ndipo unkatentha padzuwa. Makoza a mnyanga anapita ndi njovu zake. Zina zinatha chifukwa amishoni ndi akuluampingo anazitcha zachikunja, pamodzi ndi mphinjiri za ana. Zina zinatha chifukwa eniake anatopa nazo, monga mmene aliyense amatopera ndi chovala. Chipini cha pamphuno cha amayi achiyawo chokha ndicho chakana kufa, mwina chifukwa n'chopepuka.

Tsono tibwere kunkhani ya zotola kudzala ija. Amene munabadwa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mukukumbuka peni yoboola pakati, ija inali ndi njovu ziwiri, imene inayamba kutuluka mu 1955. Bowolo linkathandiza kutunga ndalama pachingwe kwa munthu wopanda thumba. Dziko litapeza ndalama zakezake, kenako kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971, mapeni aja sanatayidwe onse. Ena anakathera m'khosi mwa ana, ena m'miyendo ya ovina, ena m'timabokosi ta anganga. Amene anamanga peni yotha ntchito pachingwe cha mikanda sanali mdzukulu wa masiku ano ayi, anali angangawo. Kwa anzathu a ku Mozambique nkhani ndi yomweyi: pachilumba cha Ibo, ku Cabo Delgado, amisiri akhala akusungunula ndalama zakale zachitsulo n'kukoka tiwaya topyapyala toluka nato ndolo ndi maunyolo, ndipo alendo amachita kuzifunafuna.

Koma umboni woposa wonse uli pabwalo la tchopa. Gule wa Alhomwe ameneyu, amene bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse, tayang'anani zimene ovina ake amasenza kumsana. Zikopa za nyama, zida za kumunda, zida za uzimba, zidole, ziwiya zakukhitchini zotha ntchito. Wotsogolera ali ndi litchowa m'manja, ng'oma zitatu zikulira, ndipo katundu yense uja akugwedezeka kumsana. Munthu amene anaona mphika wobooka n'kuganiza kuti ungakhale chovala cha gule wopembedzera mizimu, ameneyo mungamuphunzitse chiyani za kusandutsa chotayidwa kukhala chokongola? Alhomwe ambiri anafika kuno kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900, akuthawa chibalo cha Apwitikizi ndi njala, n'kudzagwera m'thangata m'minda ya azungu. Anthu otere sakanadikira golide kuti adzikongoletse. Ankatenga chimene chili pafupi. Mnyamata wa pa Limbuli amene akukuta chitsekerero cha botolo ndi kansalu akuyenda m'mapazi mwa anthu amenewo, ngakhale mwina sakudziwa.

Chachilendo masiku ano n'chakuti zakale zalowa m'fasho. Ku London ndi ku Johannesburg kuli masitolo ogulitsa zovala za m'ma 1970 pamtengo woposa zatsopano. Kuno sitolo imeneyo ndi kaunjika. Taonani atsikana a ku koleji akamagwada pamulu wa zovala belo likangotsegulidwa: sakufuna chatsopano, akufuna buluku lotambalala kumapazi, malaya a kolala yaikulu, lamba wa chitsulo chachikulu. Ndimaseka ndikaona zimenezi, chifukwa zina mwa zovala zimenezo amayi awo sakanayerekeza kuvala zili zatsopano. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, abambo nawo analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, mpaka pamene ndale zinasintha mu 1993. Ndiye fasho imene inatidutsa tili otsekeredwa yabwera mochedwa, yadzera m'belo. Ndipo chovala chotere sichigwirizana ndi ndolo zonyezimira za m'kapepala. Chimafuna chinthu chooneka kuti chili ndi mbiri: ndalama yakale, mtengo, fupa, mkuwa wodera. Anyamata achirasta, amene tsitsi lawo likanawamangitsa kale, ndiwo anayamba kalekale kutunga zoterezi n'kumagulitsa kwa alendo okwera phiri ku Likhubula. Tinkawaseka. Lero tikuvala zomwezo.

Belo lomwelo ndi mgodi wa mmisiri. Pansi pa mulu pamatsala jekete long'ambika limene palibe angagule, koma mabatani ake ndi achitsulo, olembedwa nangula kapena chisoti cha mfumu. Pamatsala chikwama chothetheka chokhala ndi unyolo wabwinobwino, nekilesi yoduka yokhala ndi mikanda yagalasi yolemera. Wodziwa amagula zimenezi pamtengo wotaya, n'kukazimasula kunyumba. Kwa telala amakatola tizidutswa ta chitenje totsala podula. Ndipo pano pa Muloza tili ndi mwayi umene a ku Kasungu alibe: tsidya linali kuli capulana, nsalu ya anzathu yokhala ndi maluwa ake osiyana ndi athu, kulinso kokonati wochokera kuchigwa cha Quelimane, amene chigoba chake anthu amangotaya akakoka mkaka wake wa mumpunga.

Ndolo ya chitsekerero imapangidwa chonchi. Amatenga ziwiri zofanana, n'kuziphwanthitsa ndi hamala pamwala mpaka mano ake agone. Amaboola kabowo m'mphepete ndi msomali. Kansalu amakadula mozungulira, kokulirapo pang'ono, koma apa ndi pamene pamaonekera mmisiri: sadula paliponse, amayendetsa chitsekererocho pansalu mpaka duwa kapena diso la nkhanga likhale pakati penipeni, ndipo ndolo yachiwiri ifanane ndi inzake. Amasoka m'mphepete mwa kansaluko, n'kukoka ulusi kuti kakumbatire chitsulo mothina, popanda khwinya kumaso. Kumbuyo amamata kansalu kena kobisa msoko. Nyanga ya ng'ombe ndi ntchito ya tsiku lina: amaiphika kuti cham'kati chituluke, fungo lake anansi amadandaula, kenako amaicheka ndi sowo m'timagawo, kupala ndi mpeni, kukwecha ndi sandipepa woyamba wokhakhala kenako wosalala, pomaliza n'kupukuta ndi kansalu ka mafuta mpaka mizere yakuda ndi yotuwa ya m'nyangamo ioneke. Chigoba cha kokonati chimafuna kuleza mtima komweko, ndipo chikapsa ndi chitsulo chamoto chimalandira timizere tokongola.

Ndawayamikira mokwanira, tsono ndiwadzudzule, pakuti ndine kasitomala wawo. Achimwene ndi achemwali otunga inu, ntchito yanu yambiri imagwa pomaliza. Maso onse mumaika pa duwa, koma kokolowekera mumaika kawaya kalikonse kamene mwatola. Mkanda wokongola umaduka tsiku la ukwati, mwiniwake ali pakati pa perekaniperekani, ndipo sadzabweranso kwa inu. Twaini wa asodzi ndi wolimba, koma mfundo yake imaterera ngati simunaibwereze ndi kuiwotcha kunsonga. Choopsa kwambiri ndi waya wolowa m'khutu. Waya wina uli ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene anthu ambiri khungu lawo limadana nacho: khutu limayabwa, limatupa, limatuluka madzi. Waya wa dzimbiri ndiye usayandikire n'komwe pabowo la khutu. Tizitsulo tokolowekera m'khutu tosachita dzimbiri timagulitsidwa m'masitolo a zosokera. Gulani timeneto, muwonjezere pamtengo, ndipo muuzeni kasitomala chifukwa chake. Palinso timbewu tina takutchire, tofiira kwambiri tokhala ndi kadontho kakuda kumutu, tokongola zedi pamkanda. Timeneto tili ndi poizoni woopsa m'kati. Tikakhala tathunthu chikhungwa chake chimatchinga, koma mukatiboola mwatsegula, ndipo khanda limene lili kumsana limaika m'kamwa chilichonse chimene chili m'khosi mwa amake. Tisiyeni kutchire komweko.

Zina ndi za lamulo, ndipo ndingozitchula mwachangu. Wina akakubweretserani kachidutswa ka mnyanga wa njovu kuti ndi ka makolo, mupangireni khoza, mubwezereni. Chilango cha milandu ya nyama zotetezedwa chinakwera mu 2017 mpaka kufika zaka 30 m'ndende. Mkungudza wa m'phiri lathuli watsala pang'ono kutheratu, ndiye mkanda wa mtengo semani ku nthambi za bulugamu, za mango kapena zotsala kwa kalipentala. Waya wamkuwa funsani kumene wachokera; wa m'mota yakupsa kapena m'wailesi yakufa ulibe mlandu, koma wosendedwa kumene, wobwera usiku, ndi umene ukuchititsa kuti mudzi wina ugone mumdima. Ndipo ndalama yoboola ikhale imene inasiya kugwira ntchito, osati imene ikuyenda pamsika.

Nanga ife ogula? Mlandu wathu ndi kunenerera. Timatenga mkanda umene munthu wautunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kunena kuti apo pali wonyezimira wotchipa, bwanji wanuwu? Wonyezimirawo makina amalavula zikwizikwi pa ola limodzi, ndipo ukangolawa thukuta la mwezi wa Okutobala umasuluka n'kusiya khosi lobiriwira. Wotungayo naye mikanda sakumba kuseri kwa nyumba. Amakwera minibasi kupita ku Limbe, kapena kutumiza ndalama pafoni kwa wina womugulira, ndipo chilichonse chimene akugulacho n'chakunja: mikanda, guluu, tizitsulo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezo zinakwera nthawi imodzi, koma kasitomala wa pa Limbuli anafunabe mtengo wakale. Palinso kusiyana kwa mikanda yeniyeniyo. Ya ku Czech imakhala yofanana msinkhu, mabowo ake oongoka, ndipo imadula. Yotchipa imabwera ina yaikulu ina yaing'ono, ina yotseka bowo, ndipo wotunga amataya nthawi kusankha. Koma otunga nanunso muli ndi gawo lanu. Ambiri mumawerengera mikanda ndi ulusi basi, nthawi yanu mumaipereka ulere. Dzifunseni kuti tsiku limenelo mukanapita kuganyu yopalira mukanabwera ndi zingati, ndipo mtengo wanu uyambire pamenepo. Amayi a banki m'khonde amene mumabwereketsa mpamba kwa anthu amenewa, afunseni funso limeneli musanawapatse.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi china. Achinyamata ambiri amene akutunga lero aphunzira pafoni. Amaonera kanema wa mayi wa ku Kenya kapena wa ku South Africa, n'kutengera maluko a Amaasai ndi a Amandebele. Ndi okongola, sindikana. Koma mlendo wofuna za Amaasai adzapita ku Nairobi, ndipo kumeneko adzapeza zoposa zathu. Pamene maluko a kuno, amene palibe wina padziko angagulitse, ali m'mitu ya amayi okalamba a m'midzi ya kwa Njema, kwa Mabuka ndi tsidya la Milange, ndipo palibe akupita kukawafunsa. Kale ukanati ngakhale mwiniwake atamwalira, mkanda wake utsala m'kachitini pansi pa bedi, mdzukulu adzaonera pomwepo. Koma tonse tikudziwa zimene zinachitika kuno mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri, ndipo dera la Muloza linali limodzi mwa okhudzidwa koposa. Tinalira anthu, tinalira nyumba ndi minda, ndipo m'pomveka kuti palibe analira kachitini. Koma m'nyumba zimene zinapita zija munapitanso zithunzi, mapeni oboola, ndi mikanda imene inadutsa m'manja mwa mibadwo itatu kapena inayi. Kwa mabanja amenewo chotsala ndi chimene anganga akukumbukira.

Mwezi wa Okutobala chaka chilichonse anthu amakhamukira kwa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Nsalu imakhala imodzi, magule amakhala athu, zakudya zimakhala zathu, kalongonda ndi zina zotero. Koma tayang'anani m'makosi ndi pamphumi pa anthu ambiri: pulasitiki wa ku Limbe. Okonza mwambowu akanapatula malo oonekera, pafupi ndi polowera, a anthu otunga pamanja okhaokha, ndipo pambali pawo n'kukhazika amayi achikulire awiri atatu akutunga anthu akuona, monga mmene amaonetsera kaphikidwe ndi mankhwala azitsamba. A ku Mua anachita zofanana ndi zimenezi pa zosemasema kuyambira pamene Bambo Claude Boucher anatsegula malo a KuNgoni mu 1976: anasonkhanitsa amisiri, anasunga zakale poonekera, ndipo amisiri a kumeneko akudya nalo luso lawo. A TEVETA nawo, amene amayang'anira maphunziro a utelala, akanawonjezera masabata ochepa a zokongoletsera zovala, popeza telala aliyense amasesa zipangizo zake madzulo alionse n'kukataya.

Koma inu wotunga wa pa Limbuli musadikire komiti. Gulani timapaketi titatu ta mikanda, wofiira, woyera ndi wakuda, muwonjezere kapaketi ka shuga, mupite kwa anganga a m'mudzi mwanu kapena kwa nankungwi amene anasiya ntchito. Mukafika musayambe ndi kutulutsa foni. Khalani pansi, mupereke moni, mufotokoze mwana wa yani inu. Akalola kujambula, jambulani manja ndi mkanda. Akati ichi n'cha kuchinamwali sichionetsedwa, bwezani foni m'thumba ndipo musachiike pakathabwa kanu kogulitsira. Muwafunse dzina la luko lililonse, ndi kuti ankavala ndani, pa gule uti, likwata kapena jiri. Mukadzagulitsa choyamba chotengera kwa iwo, kagawo kena kabwerere kumeneko. Ndipo ngati kunyumba kuli magalasi owerengera amene palibe akuwagwiritsa ntchito, muwatenge. Amayi ambiri amene anasiya kutunga sanaiwale ayi, bowo la mkanda ndi limene linasiya kuoneka.